Funsani Tikuyankheni: Mapepala a Ulendo wa Pasitima Yapanyanja

Sitima zikuluzikulu zonyamula anthu okacheza zimafika m'madoko a Durban ndi Cape Town kuyambira cha mu November mpaka cha mu April, ndipo anthu akuno kum'mawa ayamba kuzikwera, ena paukwati, ena m'magulu a chilimba. Makalata amene tasankha mwezi uno onse akufunsa za mapepala. Mayankho athu ndi a munthu amene ali ndi pasipoti wamba ya Zambia.

Ndife amayi 12 a gulu la chilimba ku Kapata. Tasonkha ndalama zokakwera sitima yochokera ku Durban kupita ku Portuguese Island. Anzathu atatu alibe pasipoti, koma ali ndi reji ndipo ku Mchinji amapita ndi boda pasi popanda vuto. Ajenti akuti sizitheka. Kodi akungofuna kutidyera? (Mayi wa ku Kapata, Chipata)

Ajentiyo akunena zoona, amayi. Reji ndi ya m'dziko muno. Boda pasi ya pa Mwami kapena pa Chanida ndi chilolezo cha anthu okhala m'mbali mwa malire, chokafika chapafupi n'kubwerako m'masiku owerengeka. Ziwirizi sizingakufikitseni n'komwe ku Durban, osanena zokwera sitima.

Tawerengani malire amene mudutse. Mutuluka mu Zambia, mulowa mu South Africa. Padoko la Durban a imigireshoni akudindirani kuti mwatuluka, chifukwa Portuguese Island ndi ya Mozambique, kachilumba kamchenga pafupi ndi Inhaca, kufupi ndi Maputo. Pobwera mulowanso mu South Africa, kenako mutulukemo kubwerera kuno. Paliponse pamenepa chofunika ndi buku la pasipoti. Musadalire kapepala kongogwirizira kaja ka TDI: kanapangidwira ulendo wadzidzidzi, ndipo makampani a sitima amafuna pasipoti yeniyeni.

Anzanuwo apite ku ofesi ya mapasipoti ndi reji yeniyeni pamodzi ndi fotokope yake, setifiketi ya kubadwa kapena afidaviti yolowa m'malo mwake, zithunzi za pasipoti, ndi munthu wowachitira umboni pafomu. Pasipoti ya wamkulu imagwira ntchito zaka 10. Ife tingati ayambe kudakali miyezi itatu, chifukwa nambala ya pasipoti imafunika msanga: kampani imafuna kuti aliyense alembetsetu pa intaneti dzina, nambala ya pasipoti ndi tsiku lothera, ndiye matikiti atuluke. Chosangalatsa n'chakuti ku South Africa, Mozambique, Namibia ndi Mauritius simufunika viza mukamangopita kukacheza masiku ochepa.

Pasipoti yanga itha pa 20 May. Sitima ibwerera ku Durban pa 10 January, ndiye ndikuona kuti nthawi ilipo yambiri. Komanso ndimachita malonda ku Tete ndi ku Lilongwe, moti masamba opanda chidindo atsala awiri okha. Ndidutsa? (Wamalonda wa ku Katete)

Simudutsa, atate, ndipo chowawa n'chakuti mudzadziwira padoko mutafika kale.

Dziko la South Africa limangofuna kuti pasipoti ikhale ndi masiku 30 otsala kuchokera tsiku limene mudzatulukemo. Choncho pabwalo la ndeke la O.R. Tambo ku Johannesburg kapena paboda ya Beitbridge adzakudindirani bwinobwino. Koma makampani a sitima, kuphatikizapo MSC imene imayendetsa maulendo ambiri ochokera ku Durban, amafuna miyezi 6 yotsala kuwerengera tsiku limene ulendo ukuthera, osati tsiku loyambira. Kuchokera pa 10 January, miyezi 6 ikufika pa 10 July. Yanu ikuthera pa 20 May, ndiye ikuperewera. Kampani imasankha lamulo lokhwima kuposa onse chifukwa sitima ikabweretsa munthu wa mapepala osakwanira, imene imalipitsidwa ndi kampaniyo. Pachifukwa chomwechi wokulandirani padoko sangakuchitireni chifundo ngakhale mutamudandaulira bwanji. Ndipo werengani pangano limene munasaina: mapepala ndi udindo wa wokwera, wobwezedwa padoko chifukwa cha mapepala sabwezeredwa ndalama.

Za masamba nazo zikukutsutsani. Ngati mupita pa basi kudzera ku Chirundu ndi Beitbridge, mudindidwa kanayi popita, kanayi pobwera, ndi kawiri padoko. Ndi zidindo 10 zimenezo, tisanawerenge za mayiko amene sitima iimeko. Wapaboda amene watopa sasamala zopanikiza chidindo chake pakona kuti akusungireni malo. Pemphani pasipoti yatsopano panopa, ndipo kwa munthu wodutsadutsa m'maboda ngati inu, tengani ya masamba 48, osati ya 32. Ikatuluka, uzani ajenti nambala yatsopanoyo tsiku lomwelo kuti aisinthe pa tikiti.

Tiwonjezere pang'ono kwa ena amene pasipoti yawo ili ndi zaka zambiri koma yaona zakuda. Buku limene linanyowapo mpaka zidindo kufufuta, limene tsamba la chithunzi layamba kumatuka, kapena limene ana analembamo ndi bolopeni, likhoza kukanidwa ngakhale litatsala ndi zaka 7.

Ulendo umene ndagula ukupita ku Mauritius ndi ku Réunion. Ndamva kuti ku Réunion kumafunika viza, koma ine sindikufuna kutsikako. Ndidzangokhala m'sitima tsiku limenelo. Ndiye vizayo ndi yachiyani? (Mphunzitsi wa ku Petauke)

Funso limeneli ndi limene limagwetsa anthu ambiri, aphunzitsi, chifukwa maganizo anuwo akumveka anzeru koma lamulo siliyenda choncho.

Sitima ikakocheza padoko, imakhala yalowa m'dziko limenelo ndi anthu onse amene ali m'katimo. Isanafike n'komwe imakhala itatumiza kale kwa a imigireshoni a kumeneko mndandanda wa anthu onse: dzina, dziko, nambala ya pasipoti. Akuluakulu a padoko amavomereza sitima yonse nthawi imodzi, osati otsika okha. Pali madoko ena amene amalola wopanda viza kukhala m'sitima osatsika, koma zimenezo si ufulu wanu woti mungauumirire, ndipo makampani ambiri safuna kuyesa mwayi. Amayang'ana mapepala a madoko onse pa tsiku lokwera. Doko limodzi likaperewera, simukwera, ndipo Mauritius yemwe safuna vizayo mumuphonya limodzi.

Réunion ndi chilumba cha France. Apa pali msampha wachiwiri: ngakhale ndi France, chilumbachi sichili m'chigawo cha Schengen, gulu la mayiko a ku Ulaya ogwiritsa ntchito viza imodzi, choncho viza wamba ya Schengen siikwanira. Imafunika viza ya France yolembedwa kuti ikugwira ntchito ku Réunion. Musatengere zimene akuuzani anzanu a ku Johannesburg kuti iwo anatsika popanda chilichonse. Wa pasipoti ya South Africa ali ndi malamulo ake, inu muli ndi anu.

Chitani izi. Lembani papepala madoko onse a ulendowo, ngakhale loimapo maola asanu okha. Lemberani kampani ya sitima kalata ya pa imelo yonena kuti muli ndi pasipoti ya Zambia, ndi kufunsa zofunika pa doko lililonse. Yankho likhale lolembedwa, mulisindikize, mukalitenge kudoko. Mawu apakamwa a ajenti sakakuthandizani pa kauntala. Kenako funsani ku ofesi ya kazembe wa France ku Lusaka kumene pempho la viza yotere limaperekedwa. Ngati masiku atsala ochepa moti viza singatuluke, pemphani kusinthira ku ulendo wa Walvis Bay ku Namibia kapena wa Pomene ku Mozambique, kumene viza siifunika. Kusintha ulendo kudakali nthawi kuli ndi mtengo wake, koma n'kochepa poyerekeza ndi kutaya tikiti yonse.

Ndikufuna kutenga adzukulu anga awiri, wa zaka 9 ndi wa zaka 14. Mayi awo ali ku Kitwe, atate awo anamwalira. Ndili ndi makhadi awo a kusikelo. Akwanira? (Agogo a ku Lundazi)

Khadi la kusikelo ndi la chipatala, agogo, la boda ayi. Mwana aliyense, ngakhale wakhanda, amayenda ndi pasipoti yakeyake, ndipo ya mwana wosakwana zaka 16 imagwira ntchito zaka 5 zokha. Makolo ambiri amaiwala zimenezi chifukwa yawo ndi ya zaka 10.

Poti inu si kholo lowabereka, mutenge setifiketi ya kubadwa ya mwana aliyense yosonyeza mayina a makolo, kalata ya mayi awo yolumbirira pamaso pa Commissioner for Oaths, fotokope ya reji kapena pasipoti ya mayiwo yodindidwa kuti ndi yoona, ndi setifiketi ya imfa ya atate awo. Kalatayo itchule mayina a ana monga alili m'mapasipoti, dzina lanu ndi nambala ya pasipoti yanu, masiku a ulendo, dzina la sitima, mayiko amene mukupitako, nambala ya foni ya mayiwo, ndi mawu okulolani kuvomereza chithandizo cha chipatala mwana akadwala. Ikhale yaposachedwa, osati ya ulendo wa chaka chatha.

Mwina mumva kuti South Africa inafewetsa lamulo la ana mu November 2019. N'zoona, ana a mayiko ena oyenda ndi akuluakulu safunsidwanso mapepala onse amene ankafunsidwa kuyambira mu 2015. Koma kampani ya sitima ili ndi lamulo lake, Namibia ndi Botswana amafunabe setifiketi ya kubadwa, ndipo a imigireshoni athu potuluka ali ndi ufulu wofunsa kuti anawa ndi a yani. Zomwezi zikukhudza mayi kapena bambo amene akuyenda yekha ndi mwana mnzake atatsala kunyumba.

Pa tikiti alemba dzina la amuna anga, koma pasipoti yanga ili ndi dzina la kwathu. Amuna angawo ndi a ku Malawi ndipo ali ndi pasipoti ya kwawo. (Mayi wa ku Vubwi)

Tikiti itsatire pasipoti, chilembo ndi chilembo. Uzani ajenti akonze lero, chifukwa makampani amalipiritsa kusintha dzina masiku akayandikira. Kutenga setifiketi ya ukwati n'kwabwino, koma si mankhwala a tikiti yolakwika. Onaninso kalembedwe: Jere ndi Jele, Phiri ndi Piri, kwa ife ndi munthu mmodzi, kwa kompyuta ya padoko ndi anthu awiri.

Abambowo malamulo awo atsatira pasipoti ya Malawi, osati ukwati kapena kumene akukhala. Afunse paokha za doko lililonse, ndipo asaiwale chilolezo chawo chokhalira mu Zambia, chimene adzachifune pobwerera. Amene ali ndi unzika wa mayiko awiri, umene malamulo athu akulola kuyambira mu 2016, asankhe pasipoti imodzi yolembetsera ulendo, ndipo akwere ndi kutsika ndi yomweyo.

Mchimwene wanga akuti m'sitima amalanda mapasipoti. Nanga munthu akatsika padoko la dziko lina amayenda ndi chiyani? Ndipo sitima itandisiya ndingatani? (Mnyamata wa ku Chadiza)

Salanda, amasunga, ndipo si paulendo uliwonse. Pamaulendo ena a imigireshoni a dziko limene mukupitako amakwera m'sitima n'kudinda mapasipoti onse pamodzi mu ofesi, anthu ali m'tulo kapena akudya, m'malo moti anthu 2,000 kapena 3,000 aime pamzere. Zikakhala choncho mumapereka pasipoti pokwera, amakupatsani risiti, ndipo mumakaitenga ulendo ukamatha. Risitiyo muisunge. Pamadoko ena aliyense amaitanidwa kukaonekera yekha kwa a imigireshoni ndi pasipoti m'manja, ngakhale amene satsika. Akatero musazengereze: munthu mmodzi akasowa, sitima yonse imadikira.

Chimene mumayenda nacho tsiku ndi tsiku ndi khadi la sitima. Padoko lokwerera amakujambulani chithunzi n'kukupatsani khadi lapulasitiki lokhala ndi dzina lanu. Ndi kiyi wa chipinda chanu, ndi logulira zinthu m'sitima, ndipo ndi lotulukira. Pakhomo lotsikira pamakhala mlonda ndi kamakina: mumapereka khadi, kamakinako kamalira, nkhope yanu imaonekera pa sikirini, mlondayo amakuyang'anani. Pobwera chimodzimodzi. Umu ndi mmene kapitawo amadziwira amene sanabwere. Khadili si chiphaso cha boma ayi. Wapolisi wa mu Port Louis ku Mauritius kapena mlonda wa pageti la doko angafune chiphaso chokhala ndi chithunzi, choncho potsika tengani khadi, reji kapena laisensi yoyendetsera galimoto, ndi fotokope ya tsamba la chithunzi la pasipoti. Pasipoti yeniyeni mutuluke nayo pokhapokha ngati pepala la ndondomeko ya tsikulo lanena choncho. Apo ayi ikhale m'kabokosi kokhoma ka m'chipinda. Ku Portuguese Island ndi ku Pomene sitima siifika kumtunda, mumatsikira m'maboti ang'onoang'ono ndipo madzi amathovukira m'katimo. Pepala lililonse likhale m'kajumbo kotseka.

Tsopano za kusiyidwa. Sitima siidikira munthu amene anapita kokayenda payekha. Nthawi yoti onse akhale atakwera imalembedwa pachikwangwani pakhomo lotsikira, ndipo kawirikawiri imakhala mphindi 30 sitima isananyamuke. Kumene mumatsikira pa boti, boti lomaliza limanyamuka msanga kuposa pamenepo. Chimene chimapusitsa anthu ndi wotchi. Zambia, South Africa, Mozambique ndi Namibia ali pa nthawi imodzi, koma Mauritius ndi Réunion ali patsogolo ndi maola awiri. Foni imene ilibe netiweki ikhoza kukhalabe pa nthawi ya kuno: inu mukuona 14:30, pomwe kumeneko ndi 16:30 ndipo khomo akutseka. Linganizani wotchi yanu ndi ya pakhomo lotsikira musanaponde pansi.

Pa pepala la ndondomeko lija pamakhala dzina ndi foni ya ajenti wa kampani padokolo. Lijambuleni ndi foni m'mawa uliwonse. Mukachedwa muimbireni iyeyo, ndipo mukapeza sitima yapita, pitani kwa iye. Nthawi zambiri ogwira ntchito amatsegula kabokosi ka m'chipinda cha munthu wosowayo n'kusiya pasipoti yake kwa ajentiyo, n'chifukwa chake si bwino kuibisa pansi pa zovala m'sutikesi. Mukaitenga muyenera kukaonekera kwa a imigireshoni, poti tsopano ndinu mlendo wokhala m'dzikomo, osatinso wodutsa ndi sitima. Hotela ndi ndeke yothamangira sitima kapena yobwerera kwanu mulipira nokha.

Kodi khadi lachikasu la katemera wa yellow fever likufunikabe? (Namwino wa ku Nyimba)

South Africa inasiya kulifuna kwa anthu ochokera ku Zambia mu January 2015. Limabwereranso ngati njira yanu yadutsa dziko limene lili ndi matendawa, monga Kenya kapena Ethiopia, n'kukhala pabwalo la ndeke maola oposa 12, kapena ngati sitima yaima kudziko lotero isanafike doko lotsatira. Setifiketi imayamba kugwira ntchito patatha masiku 10 chibayireni, ndipo kuyambira mu July 2016 katemera mmodzi amakwanira moyo wonse. Amene ali nalo kale khadilo angolitenga.

Mwana wathu wa ku UK watigulira ulendo woyambira ku Barcelona, wodutsa Marseille, Genoa ndi Tunis, n'kubwerera ku Barcelona. Akuti anawerenga kuti sitima ikabwerera padoko lomwe inayambira, pasipoti ndi viza sizifunika kwenikweni. (Bambo wopuma pantchito, Kalongwezi, Chipata)

Zimene anawerengazo ndi lamulo la United States la nzika za dzikolo zokha, pamaulendo oyambira ndi kuthera padoko limodzi la kwawo. Inu silikukukhudzani ngakhale pang'ono, atate.

Mufunika viza ya Schengen, ndipo poti Tunis ali kunja kwa chigawocho, ikhale yolowera kangapo. Ya kamodzi imatha mphamvu sitima ikangotuluka kupita ku Tunisia, ndiye doko lotsatira la ku Ulaya mukhala mulibe cholowera. Kampani ikaona zimenezi ikubwezani ku Barcelona komweko. Vizayo ikamatuluka yang'anani pamzere wa chiwerengero cha maulendo olowera: pakhale MULT, kapena 2 ngati kutuluka kuli kamodzi kokha. Za Tunisia nazo mufunse padera.

Pempho limapita kudziko limene mukhaleko masiku ambiri, ndipo masiku akafanana, kudziko loyamba kulowa. Mukhoza kupempha kudakali miyezi 6. Yankho limatenga masiku 15, nthawi zina mpaka 45. Mtengo wa wamkulu ndi mayuro 90 kuyambira mu June 2024. Amafuna inshuwalansi ya chipatala yosachepera mayuro 30,000, pasipoti yotuluka m'zaka 10 zapitazi, yokhala ndi masamba awiri opanda kanthu ndi miyezi itatu yotsala mutatuluka m'chigawocho, ngakhale kampani ya sitima idzafunabe miyezi 6 ija. Pamapepala anu muikepo ndondomeko yonse ya sitima yosonyeza doko ndi tsiku, kuti wolemba viza aone chifukwa chake mukupempha yolowera kangapo. Ngati mukufuna kudzera kwa mwanayo, UK ili ndi viza yake, Schengen siifikako.

Amene akuganiza za maulendo a ku Caribbean oyambira ku Miami adziwe kuti pamafunika viza ya United States, ndipo malamulo ake kwa anthu a ku Zambia akhwima: mu August 2025 United States inayamba kufuna chikole cha madola 5,000 mpaka 15,000 kwa opempha viza yokacheza. Musalipire tikiti yotere musanamve kwa kazembe wawo ku Lusaka.

Pasipoti itatayika ndili pakati pa ulendo? (Wowerenga wa ku Sinda)

Uzani ofesi yolandira alendo m'sitima nthawi yomweyo, chifukwa mndandanda wa doko lotsatira uyenera kukonzedwa, ndipo n'kutheka kuti akutsitsani pamenepo kuti mukakonze mapepala. Kalembetseni kupolisi ya padoko limene yatayikira ndi kutenga lipoti. Ndi lipotilo, zithunzi ziwiri za pasipoti, reji ndi fotokope ya pasipoti yotayikayo, ofesi ya kazembe wa Zambia ikhoza kukupatsani chikalata chobwerera kwanu. Chigawo chino maofesiwa ali ku Pretoria, ku Maputo ndi ku Windhoek. Onani kuti palibe ili pa Durban kapena pa Walvis Bay pomwepo: kuchokera ku Walvis Bay kukafika ku Windhoek ndi ulendo wa makilomita pafupifupi 400. Zithunzi ziwirizo ndi fotokope muzinyamule kuchokera kuno, m'chikwama china chosiyana ndi cha pasipoti, ndipo fotokope ina musiyire wachibale amene angakutumizireni pa WhatsApp. Viza imene inali m'buku lotayikalo yapita nalo limodzi, choncho chikalata chimene mupatsidwecho n'chobwerera ku Zambia basi, osati chopitirizira ulendo.